Mmene Mungafooketsere WiFi ya M'nyumba Mwanu Popanda Kuswa Kanthu

Rauta yatsopano ndi chinthu cha makani. Mukangoitulutsa m'katoni n'kuilumikiza kumagetsi, imayamba ntchito pomwepo, ndipo mukailekerera ikhoza kufikitsa intaneti kuchipinda chogona, kukhitchini, mpaka pakhonde la kuseri potsukira mbale. Akatswiri akhala akunola luso limeneli kuyambira 1997, chaka chimene ndondomeko yoyamba ya WiFi, yotchedwa 802.11, inakhazikitsidwa. Musaganize tsono kuti chipangizo chotere chingafooke chokha. Pamafunika dzanja la mwini nyumba. Chosangalatsa n'chakuti ntchitoyi sifuna ndalama, sifuna nyundo, ndipo mabanja ambiri ku Area 25, ku Chilomoni ndi ku Chibavi anaiyamba kale mwa nzeru zobadwa nazo. Malangizo awa ndi a amene akufuna kuigwira mwadongosolo.

Pali mfundo imodzi yofunika kuimvetsa kuti muthe kuibisa bwino. Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike pafoni panu. Ulendo woyamba umachokera kukampani kufika parauta, kaya kudzera pamlongoti wa 4G ndi SIM khadi, kaya pa nthambo ya faiba, kaya pa mbale yoyang'ana kumwamba ngati ya Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023. Ulendo wachiwiri ndi waufupi, kuchoka parauta kufika pafoni, ndipo umenewu ndiye WiFi. Woyamba ndi wa kampani. Wachiwiri ndi wanu, ndi zipupa zanu, ndi katundu wanu. Luso lonse lagona pa kusalola aliyense m'nyumbamo kulekanitsa maulendo awiriwa. Vidiyo ikaima, mwana akalephera kutumiza ntchito ya kusukulu, mawu a achemwali a ku Joni akamadukaduka pa WhatsApp, yankho likhale limodzi, lonenedwa mopukusa mutu: "Netiweki yavuta." Wina akafunsa kuti iti, mumuyang'ane ngati wafunsa zopanda ulemu.

Mdani wanu wamkulu ndi kuyeza. Pali masamba aulere, monga fast.com ndi Speedtest, amene amanena liwiro la intaneti pasanathe mphindi imodzi. Munthu wosasamala akhoza kuima pafupi ndi rauta, n'kuyeza, kenako n'kupita kuchipinda kwake n'kuyezanso. Ngati pafupi papezeka ma Mbps 20 ndipo kuchipinda apezeka 2, ndiye kuti chinsinsi chaululika: kampani yabweretsa katundu wake mpaka pakhomo, ndipo wasowera m'nyumba mwanu momwemo. Ngati nambala ndi yaing'ono malo onse awiri, mlandu uli pa ulendo woyamba. Njira iliyonse, munthuyo wadziwa pamene pali vuto, ndipo wodziwa pamene pali vuto amakonza. Choopsa kuposa apo ndi laputopu yolumikizidwa ndi chingwe kumbuyo kwa rauta, chifukwa imalumpha WiFi yonse n'kuonetsa poyera zimene kampani ikutumiza. Kachingwe kachikasu kapena kabuluu kamene kanabwera m'katoni mukapatse ntchito ina. N'kolimba, kamanga bwino thumba la makala.

Achinyamata ena ali ndi timapulogalamu tosonyeza mphamvu ya WiFi m'manambala otchedwa dBm. Amayenda ndi foni chipinda ndi chipinda akung'ung'udza kuti apa ndi -50, n'zabwino kwambiri, apa ndi -67, vidiyo iyendabe, apa ndi -80, palibe chochita. Mnyamata wotere akabwera kudzacheza, mumukhazike pampando, mumupatse thobwa, mumufunse za mayeso. Asadzuke.

M'malo mwa manambala, phunzitsani banja kudalira timizere ta pamwamba pa foni. Timizere ta WiFi timangonena kuti foni ikumvana ndi rauta. Sitidziwa ngati bandulo yatha, ngati mlongoti wadzaza anthu, kapena ngati mwapitirira malire a bandulo imene mumaiyesa yopanda malire ndipo liwiro latsitsidwa monga mwa mgwirizano umene simunawerenge. Tikhoza kudzaza tonse pamene intaneti kulibiretu. Timizere timeneti ndi mboni yabwino pa mkangano: mumaonetsa foni kwa amayi a kunyumba, n'kunena kuti onani, WiFi ili fulu, ndiye vuto si la kuno.

Tibwere pa nkhani yaikulu, ya malo. Apa ndi pamene mwini nyumba amaonetsera luso lake, ndipo ndikhalitsapo.

WiFi ndi mafunde a wailesi, ndipo amachoka parauta kupita mbali zonse. Ngakhale pabwalo popanda chotchinga, mukawirikiza mtunda kawiri mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Okonda intaneti yoyenda bwino amaika rauta chapakati pa nyumba, m'mwamba, poonekera, mwina pakhoma la mukolido pamene zitseko za zipinda zonse zimayang'anako. Inu sankhani ngodya ya kumapeto kwenikweni kwa nyumba. Mukatero, mafunde ochuluka amatuluka panja kukatumikira mpanda, msewu ndi nkhuku za aneba, ndipo otsalawo amayenera kuboola zipupa zonse kuti akafike kuchipinda cha kumapeto kwinako. Chifukwa chake musachisowe: soketi inali pomwepo. Munthu amene anaika mawaya a magetsi nyumba ikumangidwa, zaka makumi awiri zapitazo, ndiye woyenera kusankha pokhala rauta yanu.

Pa zipupa, tili ndi mwayi umene anzathu a maiko ena alibe. Ku America nyumba zambiri zili ndi zipupa zam'kati za matabwa ndi mabodi opepuka, zimene WiFi imadutsa mosavuta. Ife timamanga ndi njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, n'kupaka pulasitala mbali zonse ziwiri. Chipupa chilichonse chotere chimadya gawo lalikulu la mphamvu, ndipo zitatu zikandandana pamatsala zochepa zoti n'kuzitchula. Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa n'kakuti funde likamadutsa chipupa chopingasa, osati molunjika, limayenda m'kati mwa njerwa mtunda wautali. Choncho rauta ikakhala mogundana ndi khoma lalitali, ndipo inu mukagona kutali mbali inayo ya khoma lomwelo, chipupa chimodzi chimagwira ntchito ya zipupa zingapo. Amene muli ndi nyumba yosanja, thokozani: silabu ya konkire ili ndi zitsulo m'kati mwake, ndipo rauta yosiyidwa pansi imafika m'mwamba ili wefuwefu.

Kenako itsitseni pansi. Pansi pali miyendo ya mipando, masofa, matumba a chimanga ndi simenti, zonse zothandiza. Koma malo amene ine ndimawalemekeza koposa ndi kabati ya pabalaza, ija yokhala ndi TV pakati. Taganizani zimene kabati imodzi imasonkhanitsa. Kutsogolo kuli TV yaikulu, imene m'kati mwake muli chitsulo chotambalala. Pambali pali dekoda ndi wailesi ya masipika a Bluetooth, ndipo Bluetooth imalankhulira pa 2.4 GHz pomwe WiFi imalankhuliranso. Kumbuyo kwa mashelefu kuli kalilole, amene ndi galasi lopakidwa chitsulo chopyapyala, ndipo chitsulo chimabweza mafunde. Pashelefu pali mapoto a mphatso za ukwati amene sanaphikirepo. Lowetsani rauta kuseri kwa TV, mutseke chitseko, ndipo pamwamba pake muyalepo kansalu koluka kuti timagetsi tothwanima tisasokoneze alendo. Kunena zoona rauta si chinthu chokongola, ndipo apongozi akabwera sayenera kuona mawaya.

Kansalu kaja kali ndi phindu lachiwiri. Rauta ilibe chopemerera m'kati, imazizira ndi mpweya wodutsa m'timabowo ta pathupi pake. Mukatseka timabowoto, m'mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata, imatentha mpaka kuyamba kudzichepetsa liwiro kapena kuthima n'kuyakanso yokha. Kuti zifulumire, ikhazikeni pamwamba pa dekoda, imene nayo imatentha.

Amene mulibe kabati musade nkhawa, kukhitchini kuli zonse. Pamwamba kapena kuseri kwa firiji ndi pabwino, popeza firiji ndi bokosi lalikulu lachitsulo. Madzi nawo amameza mafunde amenewa, ndipo m'matauni mwathu nyumba yosunga madiramu ndi zigubu za madzi si yosowa. Diramu lachitsulo lodzaza madzi, loima pakati pa rauta ndi chipinda cha ana, limagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Thupi la munthu nalo loposa theka ndi madzi, n'chifukwa chake rauta yoikidwa pansi pabalaza imafooka kwambiri tsiku la chinkhoswe, pamene aliyense akufuna kutumiza zithunzi.

Ngati rauta yanu ndi ya SIM khadi, monga zilili m'nyumba zambiri kuno, muli ndi mwayi wapadera, chifukwa kabokosi kamodzi kamagwira maulendo onse awiri ndipo maulendowo safuna malo amodzi. Kuti imve bwino mlongoti, imafuna kukhala pazenera, m'mwamba, mbali imene kuli mlongotiwo. Kuti ifikire zipinda zonse, imafuna kukhala pakati pa nyumba. Anthu ofuna mtendere amayesa mazenera angapo, n'kuyeza liwiro pa lililonse, n'kusankha labwino; ena amaika eriyo panja, kapena amasiya rauta pazenera n'kukoka chingwe kupita ku rauta yachiwiri m'kati mwa nyumba. Inu funani malo oipira maulendo onse awiri. Alipo m'nyumba iliyonse. Kawirikawiri ndi m'chipinda chogona cha makolo, pansi, pakati pa bedi ndi wadirobu, kutali ndi zenera, pansi pa denga la malata limene limatchinga mafunde ochokera kunja. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense: pazenera akuba angaione, ndipo ana angaigwetse. Palibe angakutsutseni pa nkhani ya akuba. A mbale ya Starlink akhoza kutsata nzeru yomweyi poikhazika pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi, kuti isapse ndi dzuwa, ngakhale kuti imafuna thambo loonekera bwino.

Timaeriyo ta parauta tisakusowetseni mtendere. Mafunde amatuluka m'mbali mwa kaeriyo, mozungulira, ndipo kunsonga ndiye kumatuluka ochepa kwambiri. M'nyumba yosasanja timayenera kuima chilili. Inu tigonekeni, nsonga zake ziloze ndendende kumene mumakhala, monga mmene mumalozera rimoti ku TV. Zimaoneka zanzeru, ndipo alendo amayamikira.

Marauta ambiri a masiku ano amatulutsa maina awiri a WiFi, lina la 2.4 GHz ndi lina la 5 GHz. La 2.4 limapita patali ndipo limayesetsa kuboola zipupa, koma ndi lochedwerapo ndipo ndi lodzaza. La 5 ndi lothamanga, lili ndi malo ambiri, koma zipupa zimalifooketsa msanga. Lamulo lanu ndi losavuta: sinthanitsani. TV imene yagundana ndi rauta ilumikizeni ku 2.4, kuti izilimbirana malo ndi zipangizo za aneba onse. Foni ya kuchipinda cha kumapeto, kapena ya achimwene amene amagona kunyumba ya kuseri, ikakamizeni ku 5. Wina akafunsa chifukwa, muuzeni kuti 5 ndi wamkulu kuposa 2.4. Mukhoza kuwonjezera kuti imeneyo ndiye 5G imene amalengeza pawailesi. Si zoona, 5G ndi netiweki ya mafoni ndipo ndi nkhani ina, koma mkangano umathera pomwepo.

Pa 2.4 GHz pali matchanelo oposa khumi, koma ndi opanikizana moti amene salowererana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. M'nyumba zogundizana za lendi kapena m'mafulati, marauta a mabanja onse amagawana atatu omwewa. Wanzeru amayang'ana tchanelo chimene chili ndi anthu ochepa n'kusamukirako. Pali njira ziwiri zolakwitsira. Yaulesi ndi kusatsegula n'komwe tsamba la rauta, lija limapezeka mukalemba manambala monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, amene analembedwa pasitika pansi pa rauta. Yapamwamba ndi kulitsegula n'kusankha tchanelo 3 kapena 9, poti palibe amene ali pamenepo. Marauta okhala patchanelo chimodzi amamvana n'kumapatsana mpata wolankhula. Wokhala pa 3 samvana bwino ndi a pa 1 kapena a pa 6, amangowasokosera onse, iwonso n'kumamusokosera. Mwa njira imeneyi simudzivutitsa nokha, mumagawirako ndi aneba a mbali zonse ziwiri.

Amene Mulungu anakudalitsani ndi mayikulowevu, dziwani kuti imatenthetsa chakudya ndi mafunde a 2.45 GHz, pakati penipeni pa malo a WiFi. Kamphamvu kochepa kamene kamatuluka kunja sikavulaza munthu, koma kwa rauta ndi phokoso lalikulu. Iikeni pashelefu limodzi ndi rauta, ndipo ndiwo za dzulo muzizitenthetsa nthawi imene bambo a kunyumba ali pamsonkhano wa Zoom ndi abwana awo.

Tsopano za pasiwedi. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo palibe pamene mawuwa amakwaniritsidwa msanga ngati pa WiFi. Sankhani pasiwedi yosavuta kukumbukira, 12345678 kapena dzina la mwana woyamba ndi chaka chimene anabadwa. Ipatseni alamu anu, mnyamata wa paokala, mlonda wa aneba, ndi mlendo aliyense wopempha mwaulemu. Simufunikanso kuwauza onse: kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni yolumikizidwa kale imatha kuonetsa QR khodi imene mnzake amangoijambula n'kulowa. Mukapatsa mwana mmodzi wa sekondale, pofika Loweruka mupeza anyamata atatsamira mpanda wanu madzulo, mitu ili pansi, ali chete ngati ali pamapemphero. Musasinthe pasiwediyo, angakuyeseni odzikonda. Marauta ambiri ali ndi WiFi ya alendo, yapadera, imene mukhoza kuiikira malire kapena kuitseka alendo akapita, ndiponso ali ndi tsamba losonyeza zipangizo zonse zolumikizidwa. Zimenezo musazione. Pasiwedi yolowera patsamba la rauta nayo isiyeni mmene inabwerera, imene pa marauta ambiri akale ndi admin, kuti mmodzi wa anyamata a pampanda aja athe kukuthandizani kuyendetsa zinthu.

Ubwino wa anyamata a pampanda sungothera pa bandulo imene amadya. Rauta ili ngati chigayo cha pamudzi: patchanelo chimodzi zipangizo zimalandirana, wina akamagayitsa ena amadikira pamzere. Amene wabwera ndi chimanga chouma amatha msanga. Amene wabwera ndi chonyowa amachedwetsa mzere wonse, ngakhale thumba lake likhale laling'ono. Foni imene ili kutali, imene ikumva rauta movutikira, ndiye ya chimanga chonyowa: rauta imalankhula nayo pang'onopang'ono, n'kumabwereza zimene sizinamveke, ndipo nthawi yonseyo TV yanu ili pamzere. Zipangizo zakale zimachitanso chimodzimodzi. WiFi ya 802.11b ya mu 1999 sinkapitirira ma Mbps 11, ya 802.11g ya mu 2003 inkafika 54, pamene za masiku ano zimawerenga mazanamazana. Laputopu yakale imene amalume anasiya, ngati ikuyakabe, musaithimitse.

M'nyumba mwenimwenimo, lolani chipangizo chilichonse kuchita zofuna zake. Mafoni ambiri anakonzedwa kuti akangomva WiFi ayambe ntchito zolemera zimene amazipewa pa bandulo ya m'foni: kukonzanso mapulogalamu, kukopera mavidiyo onse a m'magulu a WhatsApp a kumpingo, a kumudzi ndi a amene munaphunzira nawo, ndi kutumiza zithunzi ku Google Photos. Kutumizaku ndiye kokoma. Njira yotumizira kawirikawiri imakhala yopapatiza kuposa yolandirira, ndipo ikadzaza, ngakhale kutsegula tsamba wamba kumachedwa, popeza pempho lanu limadikira kumbuyo kwa mavidiyo a ukwati. Laputopu ya Windows nayo imakoka zokonzera zake zazikulu osapempha. Vidiyo yooneka bwino ya HD imafuna ma Mbps pafupifupi 5. TV, mafoni atatu ndi tabuleti zikamaonetsa zosiyana nthawi imodzi, masamu ake ndi a sitandade 4, choncho musawachite. Zonsezi zichitike madzulo, anthu ataweruka, pamene mlongoti wa dera lanu ukugawidwa pakati pa anthu ochuluka kwambiri. Ndi nthawi yokhayo imene muyenera kuweruza kampani. Liwiro la m'bandakucha musalione, lingakusokonezeni maganizo.

Tsiku lina banja lidzatopa n'kufuna kuti mukonze. Konzani, koma mwa njira yake. Pali mankhwala osavuta amene amathandiza kawirikawiri, kuthimitsa rauta, kudikira theka la mphindi, n'kuiyatsanso. Amenewo ndi a ana. Inu tengani phini, mufune kabowo kolembedwa reset kumbuyo, mukanikize mpaka timagetsi tonse tithime. Kabowoka kamafufuta zonse: dzina la WiFi, pasiwedi, ndipo pa marauta ena ngakhale manambala olowera amene katswiri wa kampani anaika tsiku loyamba, amene inu simunawalembe paliponse. Intaneti imene inkachedwa tsopano yasiyiratu, ndipo vuto la kuchedwa latha. Adaputa ya rauta ikapsa ndi kubwera kwa magetsi, musafune yofanana nayo. Iliyonse imene mutu wake walowa ndi yabwino, ngakhale ikhale yopereka mphamvu yochepa. Rauta idzayaka ndithu, n'kumathima yokha nthawi imene anthu ambiri alumikiza.

Kenako pitani ku YouTube mukaone za chitini cha chakumwa chodulidwa kapena pepala la aluminiyamu lokutira kuseri kwa eriyo. Kunena chilungamo, chitsulo choikidwa kumbuyo chimakankhiradi mafunde mbali imodzi pochotsera mbali inayo. Inu musakhutire ndi kumbuyo kokha, kutirani mbali zonse kuti mphamvu isatayike. Pafoni ikaniponso timapulogalamu tolonjeza kuwonjezera mphamvu ya WiFi. Pulogalamu singagwetse chipupa kapena kusuntha firiji, koma imaonetsa muvi wothamanga ndi malonda ambiri, amene amadyanso bandulo. VPN yaulere ndi yothandizanso, chifukwa imayendetsa zonse zanu kudzera kudziko lakutali zisanafike kumene zikupita.

Zikakanika, gulani ripita, kachipangizo kolandira WiFi n'kuibwereza. Malo ake oyenera ndi pakati, pamene WiFi ikadali yamphamvu. Inu kaikeni m'chipinda chomwe mulibe WiFi, poti ndi mmene mukufunika thandizo. Kadzalandira kamphamvu kofooka n'kukabwereza mokweza, timizere tidzadzaza, ndipo tsamba silidzatseguka. Ngakhale koikidwa bwino, ripita wamba amadula liwiro pafupifupi ndi theka, popeza amamvetsera ndi kulankhula pawailesi imodzi molandizana. Ripita wachiwiri wolumikizidwa kwa woyamba amadulanso theka la theka lija. Njira yosadula kanthu ndi chingwe cha netiweki, chimene chimatha kunyamula ma Mbps 1,000 pa mtunda wofika mamita 100, wokwanira kufika kunyumba ya kuseri n'kutsalako. Koma chingwe chimafuna kuboola khoma ndi kukhoma timisomali, ndipo alandilodi sangakondwe. Musawafunse, angavomere.

Njira yolemekezeka kwambiri ndi kugula rauta ina, yodula, ya timaeriyo tambiri. Sankhani poyang'ana nambala yaikulu pakatoni. Yolembedwa AC1200 sipereka ma Mbps 1,200 kufoni iliyonse: nambalayo ndi 300 ya pa 2.4 GHz kuphatikiza 867 ya pa 5 GHz, n'kuikweza pang'ono kuti imveke bwino, ndipo foni imagwiritsa mbali imodzi pa nthawi. Komanso rauta singapereke zoposa zimene yalandira. Ngati mumalipira ma Mbps 10, rauta ya mtengo wa mbuzi zitatu idzakupatsani 10 omwewo. Ikafika, ichotseni m'katoni mosamala, muilowetse kuseri kwa TV pomwe panali inzake, muyalepo kansalu kaja.

Pomaliza pake mudzaimbira kampani, ndipo muyenera kukonzekera. Choyamba sokonezani manambala. Makampani amagulitsa liwiro m'ma megabit, pamene foni ikamakopera fayilo imakonda kuonetsa ma megabyte, ndipo megabyte imodzi ndi ma megabit 8. Ma Mbps 10 amaoneka pafoni ngati 1.25 MB pa sekondi, ndipo filimu ya 1 GB imatenga mphindi 13 kapena 14 zonse zili bwinobwino. Inu muuzeni mtsikana wa pafoniyo kuti mumalipira 10 koma mukulandira 1, ndipo ndi kuba kwa masana. Akakufunsani mwaulemu kuti, "Bambo, rauta ili pati? Timagetsi tikuoneka mtundu wanji? Mwayesa kuima pafupi nayo?" muyankhe kuti simunaimbe foni kuti mufunsidwe mafunso. Akati atumize katswiri, vomerani, koma mumulandirire pakhonde. Katswiri akalowa pabalaza amayang'ana kabati asanakhale n'komwe pansi, ndipo ena amayenda ndi makwerero.

Nthawi zina kampani imakhaladi ndi vuto, mlongoti umathima, faiba imadulidwa ndi okumba ngalande, ndipo masiku oterowo ndi chuma choyenera kusunga. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera m'maiko oyandikana nawo kuchokera ku nthambo zoyalidwa pansi pa nyanja. Pa 12 May 2024 ziwiri mwa nthambozi, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inachedwa ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi kuno komwe. Zinakonzedwa patapita milungu ingapo, koma mbali imeneyo ya nkhani banja lanu silifunika kuimva. Lowezani maina awiriwo. Mwana akadandaula kuti kuchipinda kwake sikufika kanthu pamene pabalaza zikuyenda, muuzeni mofatsa kuti nthambo za pansi pa nyanja zadukanso, mbali ya kuchipinda kwakeko. M'nyumbamo palibe adzapite ku Durban kukaona.